Ubongo wa drone: kabolodi kodzipangira nokha

Moni nonse, muli kuno ku Mzuzu. Patebulopa pali drone ya mota zinayi, koma mapiko ake ndachotsa. Inunso muzichotsa musanalumikize batire, chifukwa mapikowa amadula chala.

Drone yotere siyingakhazikike m'mwamba payokha. Mota imodzi ikangothamanga kuposa zinzake, yapendekeka basi, ndipo dzanja la munthu silingaiwongole msanga. Ntchito imeneyo ndi ya kabolodi ka zamagetsi aka, komwe ndi ubongo wa drone.

Kowerengera ndi aka, Arduino Nano. Komva kupendekeka ndi aka, MPU6050. Waya wochokera pa kamwendo ka SDA ka MPU6050 apite pa A4 ya Nano, wa SCL pa A5. Ngati kuwotcherera timiyendo ting'onoting'ono kumakuvutani, anyamata okonza mafoni ku Taifa amakuchita tsiku ndi tsiku.

Tsono mvetserani apa. Mu MPU6050 muli gyroscope ndi accelerometer, ndipo zonse ziwiri zimanama, koma mosiyana. Gyroscope imayeza liwiro limene drone ikutembenukira. Ndi yachangu, koma tizolakwika take timaunjikana: isiyeni patebulo kwa mphindi zingapo, ikuuzani kuti yapendekeka chonsecho sinasunthe. Accelerometer imadziwa kumene kuli pansi ndipo siyisochera, koma mota zikayamba kunjenjemeretsa thupi la drone, manambala ake amangodumphadumpha. Ndiye timazisakaniza: pa magawo 100 aliwonse, 98 tiwatenge ku gyroscope, 2 ku accelerometer. Awiri okhawo akukwanira kubweza gyroscope ikayamba kusochera. Pansi pa kabolodi ikanipo kasiponji, musakamange molunjika ndi masikuluwu.

Gyroscope imasinthanso ndi kutentha. Poyambira pake, nambala imene imapereka drone isanasunthe, m'mawa wozizira wa mu June, kuno kwathu, sipafanana ndi masana a mu October. Choncho mukangoyatsa, drone ikhale phee kwa masekondi angapo, pulogalamu iyeze poyambirapo.

Kuwerenga, kuwerengera ndi kulamula mota zichitike ka 250 pa sekondi, ndiye kuti zonse zithe m'mamilisekondi 4. ESC iliyonse, chipangizo cholamulira liwiro la mota imodzi, imalandira chizindikiro cha pakati pa mamaikulosekondi 1000 ndi 2000: pa 1000 mota yaima, pa 2000 yathamanga mpaka pothera. Kuchuluka kwa chiwongolero kumachokera ku PID, njira yowerengera ya manambala atatu, P, I ndi D, amene mumasintha mu pulogalamu. Kwezani P mpaka drone iyambe kugwedera, bwererani pang'ono, D ithetse kugwederako, I ibwere pomaliza.

Nano imawerengera pa liwiro la 16 MHz, ndipo pamenepa imachita kupanikizika. STM32F103, yomwe ingalowe m'malo mwa Nano, ili ndi 72 MHz, ineyo ndimakonda imeneyo. Mabolodi ogula okhala ndi Betaflight, pulogalamu yopangidwa kale youlutsira drone, amauluka bwino kuposa kathuka, sindikana, koma drone ikagwa simudziwa poyambira kufufuza.

Poyesa koyamba, imangeni ndi chingwe. Ndipo kumbukirani kuti bwalo la ndege la Mzuzu lili m'tauni momwemuno, ndiye koulutsira mukasake kutali nalo.