Mankhwala a matenda oiwalaiwala: mbewa inachira, nanga agogo?

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo, kumbuyoko mukundimva eti? Chabwino.

Sabata yatha amayi ena anandionetsa uthenga wa pa WhatsApp woti azungu apeza mankhwala a dimenshiya, matenda aja agogo amaiwala ngakhale dzina la mwana wawo, kutuluka usiku osadziwa kobwerera, ife nkumati ayamba ufiti. Si ufiti ayi, ndi ubongo ukuonongeka. Ndiye nditawerenga bwinobwino ndinapeza kuti amene anachirayo ndi mbewa. Eee musaseke, mbewa, koma osati zapamtengo zogulitsa mumsewu wa ku Dedza zija, izi nzoweta mu labotale.

Dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, mu 1906 anafotokoza za mayi wina wodwala matenda oiwalaiwala, Auguste Deter, atamwalira anayeza ubongo wake nkupeza timibulu tomata pakati pa maselo, lero amati amyloid. Tsono mankhwala atsopano sangoyambira pa munthu, amayamba pa maselo m'kambale, kenako nyama, kuona ngati akulowadi mu ubongo poti ubongotu uli ndi mpanda wake wosefa za m'magazi, komanso ngati sakuononga chiwindi kapena impso, ndi mlingo woti usaphe.

Vuto nlakuti mbewa payokha sidwala Alzheimer, mtundu wa dimenshiya wotchedwa dzina la dokotala uja. Ndiye cha mu 1995 asayansi anaiika majini a munthu, majini a chibadwa awa osati a ziwanda aja, kuti nayo izipanga timibulu tija. Nanga mbewa ungaifunse kuti dzulo unadya chani? Amaiponya mu beseni lalikulu la madzi oyera ngati mkaka, penapake pansi pa madzi abisapo kapulatifomu kopumirapo, mbewa yabwinobwino ikasambira masiku angapo imangolunjika pomwepo, yodwalayo imangozungulira ngati ndi koyamba.

Mu 1999 Dale Schenk ndi anzake a kampani ya Elan anabaya mbewa zotere katemera, timibulu nkuchepa kwambiri, nkhani inamveka dziko lonse. Anamutcha AN1792 nkuyamba kubaya anthu. Pofika kumayambiriro kwa 2002 anaimitsa, anthu pafupifupi 6 pa 100 alionse anatupa ubongo, chinthu choti pa mbewa zija sanachione. Chondiwawa ine nchakuti patapita zaka, mu 2008, madokotala a ku Southampton ku England atayeza ubongo wa ena omwe anabayidwa nkudzamwalira, anapeza kuti timibulu tinachokadi koma pafupifupi onse anafa ali oiwala kotheratu. Mbewa imakhala zaka ziwiri basi, agogo matendawa amakhala akuwadya mwakachetechete zaka mwina 20 tisanaone kanthu, ndiye pobwera mankhwala nyumba inagwa kale.

Sikuti mbewazo nzachabe ayi. Mankhwala a Lecanemab, amene ku America anawavomereza mu 2023, nawo anadutsa momwemo, anayambira ku Uppsala ku Sweden. Koma nawonso sachiza, amangochepetsa liwiro la matenda ndi pafupifupi 27 peresenti pa miyezi 18, kawirikawiri ndi a dripu, odula zedi, ndipo amafuna sikani ya MRI pafupipafupi kuopa kutupa kwa ubongo.

Ndiye uthenga ngati uja ukabweranso pa gulupu, musanagulitse mbuzi funsani kaye, ayesa pa mbewa kapena pa anthu, anthu angati, kwa nthawi yaitali bwanji. Abambo avala chipewa apo ndaona dzanja kalekale, tiyeni funsani.