"Borrow me" wachokera kuti?

Moni nonse amene mukutionera, lero tili kuno ku Lilongwe. Pitani pasukulu iliyonse ku Kawale kapena ku Area 25, mukamva mwana akuuza mnzake kuti "borrow me your pen". Aphunzitsi a Chingerezi akamva zimenezi mutu umawawawa.

Vuto lake n'losavuta kuliona. Ife timati "ndabwereka njinga kwa achimwene", komanso timati "achimwene andibwereka njinga". Mneni ndi mmodzi yemweyo, kaya ukulandira kaya ukupereka. Chingerezi cha masiku ano chinagawa ntchitoyi pawiri. Wolandira amachita borrow, wopereka amachita lend. Ndiye mukafuna cholembera munene kuti "lend me your pen" kapena "can I borrow your pen?" Borrow amayenda ndi from, lend amayenda ndi to. Zikakhala zakale, borrow amakhala borrowed koma lend amasanduka lent. Inu amene mukulemba mayeso a MSCE samalani pamenepa, paja popanda kukhoza Chingerezi satifiketi simuiona.

Koma musafulumire kumuseka mwana uja. Zaka zoposa 1,000 zapitazo, Angerezi m'malo mwa borrow ankati borgian, mawu ochokera ku borg, kutanthauza chikole. Nthawi imeneyo nkhani sinali pa cholembera ayi, inali pa ngongole. Munthu ankasiya chikole, kapena kupeza mnzake womuimira kuti akalephera kubweza, iyeyo ndiye alipire. Ndi zomwe amachita amayi a banki m'khonde akamafunsa kuti, "Mayi, mukapanda kubweza tidzagwira chiyani?" Pang'ono ndi pang'ono chikole chija chinaiwalika, n'kutsala ganizo lotenga chinthu chomwe udzabweze.

Chijeremani, chomwe ndi chibale cha Chingerezi, chili ndi mneni borgen, ndipo mpaka pano amagwira mbali zonse ziwiri, kulandira ndi kupereka, monga mmene kubwereka kumachitira kwathu kuno. Ine ndimaona kuti "borrow me" si umbuli, ndi Chichewa chabe chomwe chalowa m'chiganizo cha eni ake. Komabe wochonga mayeso sadzamva zimenezo, adzangodula malikisi.

Chinanso: borrow sakhudza chinthu chomwe ukulipira kuti uchigwiritse ntchito, monga nyumba ya lendi. Ngati mwezi ukatha alandilodi amagogoda pakhomo, mneni wake ndi rent. Ndalama zokha ndiye zimalola borrow ngakhale pali chiwongoladzanja, kaya mwakongola kubanki kaya kwa akatapila.