Apu yasiya kuwerengeka ndi TalkBack itapanga apudeti? Kabwezeredwe ka vezhoni yakale

[Foni ili patebulo, kunja kukumveka mabelu a akabaza]

Muli bwanji nonse, takulandiraninso. Tikujambula tili pano pa Kamuzu Road ku Salima ndiye mukamamva mabelu ndi ma hutala musadabwe, ndi akabaza amenewo, sitingawaletse ntchito. Amene wagwira kamera ndi mphwanga, ine ndingolankhula, ndipo poti ambiri amene mukumvera simuona ngati ine ndemwe, sindinena zoti "dinani apa" ayi, batani lililonse ndilitchula dzina lake mmene foni imalitchulira m'Chingerezi muja.

Tamverani kaye izi.

[Akuyendetsa chala pa sikirini, foni ikubwereza mawu amodzimodzi: "Unlabelled, button"]

Mwamva eti? Iyi ndi apu imene ndimamvera wailesi ndi maulaliki, dzina sinditchula. Sabata yatha Lachitatu ndagona ili bwinobwino, batani lililonse TalkBack, pulogalamu imene imatiwerengera za pa sikirini ife osaona, ikuwerenga, Play, Stop, Favourites, zonse. Kudzuka Lachinayi basi unlabelled, unlabelled, unlabelled, kutanthauza batani lopanda dzina, ngati walowa m'sitolo imene unazolowera koma usiku wina wasuntha mashelefu onse osakuuza. Mphwangayu kuyang'ana akuti achimwene koma yakongolatu, asintha mitundu. Ndinangoti zikomo, mitunduyo udye ndiwe.

Chimachitika ndi ichi. TalkBack pa Android, kapena VoiceOver pa iPhone, zonse zinayamba mu 2009, sizingodziwa zokha kuti kachithunzi aka ndi ka Play. Zimawerenga dzina limene wopanga apu analemba kuseri kwa batanilo. Ndiye akamakonza vezhoni yatsopano n'kuiwala kulemba mainawo, woona sazindikira n'komwe kuti pasowa kanthu, koma ife apu yafa pamenepo. Ndipo Play Store imapanga apudeti yokha osakufunsa, kawirikawiri foni ikagwira Wi-Fi.

Musanathamangire kuchotsa chilichonse yesani kaye chaching'ono ichi. Imani pa batani lopanda dzinalo, tsegulani menyu ya TalkBack, pa mafoni atsopano mumagunda ndi zala zitatu kamodzi, pa akale mumakoka chala kutsika kenako kumanja, ndiye mumvere ngati muli poika label. Ngati mulipo, lembani dzina nokha, nkhani yatha. Koma si batani lililonse limalola, ndipo pena TalkBack imangolidumpha ngati palibe, apo ndiye tibwerere ku yakale basi.

Tsopano apa khalani tcheru chifukwa ambiri amalira pamenepa. Android salola kuti muike vezhoni yakale pamwamba pa yatsopano. Apu iliyonse ili ndi nambala yamkati imene imakwera apudeti iliyonse, foni ikaona nambala yotsika imakana, imangoti "App not installed". Ndiye njira ndi kuchotsa yatsopanoyo kaye, koma ikamachoka imapita ndi zonse zimene munasunga momwemo, ma favourites, login, ma setingi amene munavutikira mwezi wathunthu. Choncho musanachotse dzifunseni, pasiwedi ndikuidziwa? Funso limeneli musaliseke. Ambirife Gmail anatitsegulira ndi mnyamata wa pa shopu tsiku limene tinagula foni, pasiwedi analemba pa kapepala, kapepalako kanapita ndi mvula ya chaka chatha ndipo mnyamatayo pano akuti ali ku Joni. SIM imene munalembetsera ikhale mu foni momwemo kuti kodi ya SMS ikabwera muilandire. Ngati apuyo ili ndi Backup kapena Export, pangani. Ndipo fayilo ya vezhoni yakaleyo muipeze kaye, ikhale mu foni, kenako muzichotsa yatsopano, osati kugwetsa nyumba musanaumbe njerwa.

Mudziwenso nambala ya vezhoni imene yakuvutaniyo. Pitani Settings, Apps, sankhani apuyo, tsikani ndi zala ziwiri mpaka pansi, mumva "version" ndi manambala. Muzisunge m'mutu kapena mujambule voice note, chifukwa mukufuna yotsika pang'ono pa imeneyo, ya mwezi watha kapena miyezi iwiri, osati ya zaka zisanu zapitazo. Ndipo Android 14 imakaniratu ma apu akalekale amene anapangidwira Android yakale kuposa 6, ndiye kupita kutali kwambiri n'kungotaya bandulo.

Pali ma apu ena ophweka, aja anabwera ndi foni, monga YouTube, Chrome, Gmail, Messages pa mafoni ambiri. Amenewa sachotseka koma pa tsamba lomwe lija la Settings, Apps, pamwamba chakumanja pali More options, mukatsegula mumva "Uninstall updates". Mukadina apuyo imabwerera mmene inalili foni ikuchoka mu katoni. Palibe kudawuniloda, palibe bandulo. Vuto lake ngati foni ndi ya zaka zinayi vezhoni ya mu katoniyo mwina sigwiranso, ikuuzani kuti mupange apudeti kaye.

TalkBack yeniyeniyonso ili m'gulu lomweli pa mafoni ambiri, imakhala mkati mwa Android Accessibility Suite, ndiye nayo mutha kuibweza ikasokonekera. Koma abale anga, iyi yokha musapange muli nokha m'nyumba. Mukuchotsa pakamwa pa foni pamene foniyo ikulankhula nanu, ikhoza kungoti zii pakatikati, inu osadziwa kuti pa sikirini pali chani. Onetsetsani kaye kuti shortcut ija ya TalkBack yogwira mabatani awiri a volume pamodzi kwa masekondi atatu ndi yoyatsa, muiyese kawiri, komanso pakhale munthu woona pafupi, ngakhale mwana wa sitandade 5 bola adziwe kuwerenga.

Nanga ma apu amene munadawuniloda nokha? Apa pamafunika fayilo yoikira apu mu foni imene amati APK. Ndipo funso lalikulu mu vidiyo yonseyi ndi lakuti fayiloyo muitenga kwa ndani. Ndifotokoze chifukwa chake. Apu iliyonse imakhala ndi siginecha ya mwini wake, ngati chidindo cha amfumu pa kalata. Apudeti ikamabwera foni imafananiza chidindo chatsopano ndi cha apu imene ilimo kale, zikasiyana imakana. Koma inu mwachotsa ija inalimo ija eti? Ndiye foni ilibenso chofananizira, chilichonse chimene mungaike ingolandira, kaya ndi chenicheni kaya wina anachisegula n'kuikamo zake zoba ma SMS. Ndipo ma apu akubawa chimene amakonda kupempha ndi chilolezo cha Accessibility, khomo lomwe TalkBack imadutsira, chifukwa akalowa pamenepo amawerenga chilichonse pa sikirini. Ife tinazolowera kuvomera mawu amenewa poti ndi kwathu, ndiye samalani, apu ya wailesi ikapempha Accessibility muikane ndipo muichotse.

Ndiye fayilo yotumiziridwa mu gulu la WhatsApp ndi munthu amene simukumudziwa, ayi. Zija zosinthidwa ndi anthu ena zolembedwa Mod, Premium, GB, ayi, ndipo za GB WhatsApp zija WhatsApp imatsekera nazo anthu nambala. Poyambira pabwino ndi webusaiti ya mwini apuyo, ena monga VLC amasunga okha ma vezhoni akale. Kukanika apo, ine ndimapita pa webusaiti ya APKMirror chifukwa iwo amafananiza siginecha ya fayilo ndi ya mwini wake asanaiike. Kungoti masamba oterewa amadzaza ndi zotsatsa malonda ndipo zina zimalembedwanso Download, TalkBack imawerenga zonse mofanana, ndiye yendani pang'onopang'ono, mverani dzina la fayilo limene likutsika ngati lili ndi dzina la apu ndi nambala imene mukufuna. Bandulo ikhale ya intaneti yonse, ija ya WhatsApp yokha kapena Facebook yokha singatsegule tsamba limeneli, musamati netiweki yavuta.

Mukafika pa vezhoni imene mukufuna mupeza mafayilo angapo, mumva arm64-v8a, armeabi-v7a, mawu ngati mankhwala a ku chipatala. Ndi mtundu wa purosesa chabe. Mafoni ambiri atsopano ndi arm64-v8a, koma aja otchipa a Android Go, ma itel ndi ma Tecno ang'onoang'ono amene adzaza m'misika mwathu muno, ambiri amafuna armeabi-v7a. Mukapeza yolembedwa universal tengani imeneyo musavutike. Muonanso kuti ina yalembedwa APK ina BUNDLE. Kuyambira August 2021 Google inalamula kuti ma apu atsopano pa Play Store azibwera ngati bundle, kutanthauza kuti apu imodzi imakhala zidutswa zingapo, china cha chilankhulo, china cha sikirini, china cha purosesa. Bundle siilowa pongoidina, imafuna APKMirror Installer imene ili pa Play Store. Ichi ndi chifukwa chakenso pena mnzako amakutumizira apu kuchokera mu foni mwake koma kwa iwe ikukana, chimene chabwera ndi chidutswa chimodzi, zinazo zatsala.

Chabwino, fayilo ili mu Downloads. Chotsani yatsopano ija, Settings, Apps, apuyo, Uninstall. Tsegulani Files, pezani fayilo, gundani kawiri. Foni ikuuzani kuti siloledwa kuika ma apu ochokera kumeneku, musaope, kuyambira Android 8 chilolezochi chimaperekedwa kwa apu imodziimodzi. Dinani Settings, yatsani "Allow from this source", bwererani, Install. Ikatha mukazimitsenso chilolezocho. Play Protect ikafuna kuyeza fayiloyo ilekeni iyeze.

Ndiye ichi musaiwale, ine ndinaiwala ulendo woyamba ndipo m'mawa mwake ndinapeza unlabelled yabwerera, ntchito yonse ya dzulo ndi bandulo zapita. Tsegulani Play Store, sakani apuyo, More options, muchotse chizindikiro pa "Enable auto update". Imeneyo yokha isiya kudzisintha. Kapena muzimitse zonse, dinani akaunti yanu pamwamba, Settings, Network preferences, Auto-update apps, musankhe "Don't auto-update apps". Ine ndinasankha yachiwiriyi, ndimapanga apudeti ndekha imodziimodzi ndikamva kaye kwa anzanga kuti ili bwino, mmodzi amayamba kulawa enafe tikudikira. Ndipo apu imene ndimaidalira ikamagwira bwino ndimasunga APK yake pa memori khadi, dzina ndi nambala, kuti tsiku la tsoka ndisamasakesake.

Koma si apu iliyonse yobweza. Za ndalama, ya banki, ya Airtel Money, ya Mpamba, musayerekeze. Apudeti zambiri zimatseka mabowo amene akuba apeza, ndiye kubwerera ku yakale n'kutsegulanso bowo, komanso apu ya ndalama yochokera kunja kwa Play Store ndi mmene anthu amaberedwera. Ikasiya kuwerengeka gwiritsani kaye *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba, inde ndikudziwa kuti nthawi imatha TalkBack isanamalize kuwerenga menyu, njira yake ndi kuloweza manambala a masitepe pamtima, koma bola zimenezo kusiyana ndi kupatsa munthu PIN pa kauntala. WhatsApp nayo kubweza n'kwa kanthawi, vezhoni yakale imatha mphamvu pakapita miyezi ingapo ndipo imakukakamiza apudeti, komanso bakapu yopangidwa ndi vezhoni yatsopano ikhoza kukana kulowa mu yakale, ma voice note a zaka n'kupita. Ine WhatsApp ndimangopirira nayo.

A iPhone pepani, kwanu chitseko n'chotseka. App Store sipereka vezhoni yakale pokhapokha foni yanu ikhale yakale moti yatsopano singalowe, apo imakupatsani yomaliza imene imagwira. Kale anthu ankasunga ma apu pa kompyuta ndi iTunes koma Apple inachotsamo zimenezo mu 2017. Chimene mungachite ndi kulowa mu Settings, pa App Store (pa iOS yatsopano ili mkati mwa Apps), n'kuzimitsa App Updates zinthu zisanaonongeke.

Chomwe chatsala n'kuwauza eni apuwo, chifukwa yakaleyi tsiku lina idzasiya kulumikizana ndi seva yawo. Pa tsamba la apu mu Play Store pansi pali App support, pali imelo yawo. Musangolemba kuti apu yanu yaipa. Lembani kuti ndine wosaona, ndimagwiritsa TalkBack, foni yanga ndi yakuti, Android yakuti, pa vezhoni yakuti batani la Play linkawerengeka, pa vezhoni yakuti likuti unlabelled. Kulemba dzina pa batani si ntchito yaikulu kwa wopanga apu, nthawi zambiri amakhala sanadziwe chabe. Mukhale angapo polemba, uzani anzanu a ku Malawi Union of the Blind, aja munaphunzira nawo ku Chilanga kapena ku Malingunde, kalata khumi zimamveka kuposa imodzi. Ine yanga ndinatumiza Lachisanu, sanayankhe, Lolemba ndilembanso.

Pamene ndimalankhulamu mphwanga amandiwerengera kuti Install yatha. Tiyeni titsegule timve.

[Akuyendetsa chala, foni ikuti: "Favourites, button. Play, button."]

Eyaa, ndi imeneyo. Ma favourites aja apita, ndiyambanso kusaka ma siteshoni mmodzimmodzi madzulo ano magetsi akakhalapo. Amene yakukanani lembani mu ma comment dzina la foni ndi mawu enieni amene ikunena, kapena tumizani voice note. Iwe zimitsa kamera, batire latsala 9 peresenti.