Chifukwa chake mfumu sinavale chisoti chake pachithunzi

Moni nonse amene mukutiwonera ku Ulongwe, ku Furancungo, ku Tsangano ndi madera ena a chigawo cha Tete. Mfumu ya Angoni ikafika pamwambo itavala chikopa cha nyalugwe ndi nthenga kumutu, palibe amene amafunsa kuti wamkulu ndani pabwalopo. Akatswiri ojambula mafumu a ku Ulaya ankadziwanso zimenezi, ndipo lero tiwona mmene ankalankhulira kudzera mu zinthu zimene ankaika pafupi ndi mfumu.

Chithunzi choyamba ndi cha mfumu Louis XIV ya ku France, chimene Hyacinthe Rigaud anachijambula ndi utoto mu 1701, ndipo tsopano chimasungidwa ku Louvre, nyumba yosungiramo zithunzi ndi zinthu zakale mumzinda wa Paris. Mkanjo wabuluu wadzaza ndi maluwa agolide omwe anali chizindikiro cha banja lachifumu, pomwe mkati mwake muli ubweya woyera wa kanyama ka kumaiko ozizira kotchedwa ermine. M'chiuno muli lupanga limene ankagwiritsa ntchito polonga mafumu a dzikolo. Koma yang'anitsitsani ndodo yachifumu: waigwira chozondotsa, akuitsamira ngati ndodo wamba yoyendera, monga munthu amene sakuwopa kuti wina angamulande. Nkhope ndi ya nkhalamba ya zaka zoposa 60, koma miyendo ndi ya mnyamata wodziwa kuvina, ndipo apa ndiye tikuwona kuti wojambulayo sankafuna kunena zowona zokhazokha.

Nanga chisoti chili kuti? Chili pambali, pa katsamiro. Kwa Louis, zimenezi zikusonyeza munthu amene ufumu wake sufunika umboni.

Kwa mafumu a ku Portugal, dziko limene linalamulira dera lathu lino kwa nthawi yaitali, nkhani ya chisoti inali ndi chifukwa china. Mu 1646, João IV anapereka ufumu wake m'manja mwa Maria Virigo Woyera wa ku Vila Viçosa, tauni ya ku Portugal komweko, ndipo kuchokera pamenepo mafumu a dzikolo analeka kuvala chisoti kumutu. N'chifukwa chake pa zithunzi za João VI, mfumu ina ya dzikolo, ndi za amene anabwera pambuyo pake, chisoti chimangokhala pambali pa mfumu. Kunali kudzichepetsa pamaso pa anthu, komabe kudzichepetsa kochenjera, pakuti mfumu imene ikunena kuti ikungosunga ufumu umene mwini wake ali kumwamba ndi yovuta kuitsutsa.

Mfumukazi Elizabeth I wa ku England sanabise kanthu. Pa chithunzi chokumbukira kugonja kwa zombo za nkhondo za Spain mu 1588, dzanja lake lagona pa mpira woimira dziko lapansi, zala zake zitakhudza America, pomwe kumbuyo kwake zombo za adani zikusweka ndi namondwe. Chisoti chakenso chili pambali, chapamwamba pang'ono pa dzanja limenelo.