Buleki ikakana, yang'anani oilo musanathamangire mashuzi

Zikomo nonse pobwera, amene muli kumbuyoko mawu akapanda kufika mungokweza dzanja ndikuwa. Patebulopa ndayika zitsulo ziwiri, chachikuluchi ndi dilamu, chopindikachi ndi shuzi ya buleki ya thirakitala. Ziyende m'manja aliyense agwireko, koma samalani malaya, shuziyo ndi yonona. Kunonako ndi kumene ndabwerera lero.

Mathirakitala akalewa, kaya ndi Ferguson TE20 yotuwa ija imene ankapanga ku Coventry kuyambira 1946 mpaka 1956, kaya ndi Massey Ferguson 35, kaya 135 imene inatuluka 1964, kaya Fordson Dexta, onsewa buleki ili kumatayala akumbuyo basi. Kutsogolo kulibe kanthu. Ndipo mulibe za ma fuluwidi ngati galimoto ayi, ukaponda pedulo mwendo wako ukukoka chitsulo, chitsulocho chikutembenuza kamu, kamu ikutambasula mashuzi awiri nkukagwira dilamu mkati. Zatha. Nchifukwa chake ndimati munthu aliyense wodziwa kugwira sipanala angathe kuzikonza, bola akhale wodekha.

Nde wina akabwera kwa ine nkuti achimwene buleki yatha, ndikufuna mashuzi atsopano, ine sindiyankha msanga. Ndimapita kukagwada kuseri kwa tayala nkuyang'ana mkati mwa limu ndi pansi pa mbale imene mashuzi amakhalapo ija. Pakakhala ponyowa, pakuda, fumbi litamatirira ngati phala, ndadziwa kale. Mashuzi sanathe, amwa oilo. Shafuti imene imazunguza tayala imachokera mu ekiselo momwe muli oilo (pa ma Ferguson ndi yemweyo wa giyabokosi), ndipo kumapeto kwake kuli silu yoletsa oiloyo kutuluka. Silu ya zaka 50 kapena 60 imauma, imang'aluka, oilo amayamba kudontha pang'onopang'ono nkugwera pa laining'i, kachigamba ka pa shuzi kamene kamakhula dilamu. Mukhoza kuimirira pa pedulo ndi thupi lonse, thirakitala imangopitabe.

Ine ndinapusapo pa zimenezi, sindibisa. Ndili wachinyamata ndinasintha mashuzi mbali zonse ziwiri, silu osayikhudza chifukwa ndinaona ngati ntchito yachuluka. Buleki inagwira bwino mpaka ndinadzitama. Sipanathe mwezi, ndikutsika kamtunda ndi ngolo yodzadza, ndaponda, phazi likumva kuti pedulo yalimba koma matayala akungogudubuzika, ngolo ikundikankha kumbuyo. Chinandipulumutsa nchoti ndinali mu giya yotsika ndipo sindinaponde kilatchi. Nditatsegula, mashuzi atsopano aja anali ngati shuzi imene ili m'manja mwa amayi apoyo.

Ndipo tisanamizane apa, laining'i ikamwa oilo yapita. Ena amaitsuka ndi petulo, ena amaiwotcha ndi moto mpaka iwoneke youma. Imauma pamwamba pokha. Ikangotentha pogwira ntchito oilo wamkati amatulukanso ngati thukuta. Sinthani basi, ndipo musinthe mbali zonse ziwiri tsiku limodzi, osati mbali imodzi yatsopano ina yakale. China, onaninso mulingo wa oilo mu giyabokosi, ena amathira mopyola poganiza kuti akuikonda thirakitala, pomwe akungoithandiza silu kudontha.

Tsopano potsegula. Apa mundimvetsetse chifukwa ndi pomwe anthu amavulala. Malo akhale osatsetsereka, olimba, injini yozima, matayala akutsogolo muwatchinge ndi mitengo kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Manati a tayala muwamasule pang'ono tayala likadali pansi. Mukakweza ndi jeke, ikani sitandi kapena zipika zolimba pansi pa ekiselo, jeke yokha musaidalire, komanso njerwa ayi, zimaphwanyika mosachenjeza. Tayala lakumbuyo nthawi zambiri limakhala lothiridwa madzi mkati kuti thirakitala ilemere polima, ndiye lija simungaligwire nokha likayamba kugwa. Mukhale awiri, muliyendetse choimirira, likakana musalimbane nalo, thawani ligwe.

Dilamu pa Ferguson imagwidwa ndi timasikuluwu tamitu yolowa mkati, timeneti dzimbiri limatikonda kwambiri. Thiranipo oilo wolowerera dzulo lake, kenako mugwiritse sikuludiraiva yomenya ndi hamala ija. Mukalimbana nato ndi yawamba mungowononga mutu. Dilamu ikakana kutuluka musaitokose ndi chitsulo, bwezani kaye ajasita, kachitsulo kotchunira mashuzi, kuti mashuzi abwerere mkati, chifukwa dilamu yakale imakhala ndi kamlomo m'mphepete komwe shuzi sifika, mashuzi amakola pamenepo. Gogodani mozungulira mofatsa ituluka.

Ikatuluka, chonde, fumbi lija musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi kompuresa. Malaining'i akale ambiri anali ndi asibesitosi, fumbi lake likalowa m'mapapo silituluka ndipo matenda ake amaonekera patapita zaka zambiri. Nyowetsani, pukutani ndi nsanza yonyowa, nsanzayo muimange mu pulasitiki. Valani chotseka pamphuno. Musanachotse sipuling'i iliyonse jambulani ndi foni, mudzandithokoza pobwezera.

Eya, bambo mwafunsa za kusintha siluyo. Pa ma Ferguson amenewa ndi kantchito ndithu. Umasolola shafuti yonse pamodzi ndi habu yake, chitsulo chosunga beringi chija, ndipo beringi imagwidwa ndi kolala yachitsulo imene anailowetsa ili yotentha, ikazizira imaluma shafuti. Kuti ichoke umaiboola ndi dirilo nkuing'amba ndi tchizulo, yatsopano umaitenthetsa nkuilowetsa mwachangu. Ngati mulibe zida, gawo limenelo lokha nyamulani shafuti mupite nayo kwa makaniko amene ali ndi pulesi, palibe manyazi. Koma chimene ndikufuna musaiwale ndi timashimu, timapepala tachitsulo topyapyala timene mupeze pakati pa habu ndi ekiselo. Tiwerengeni, timangeni ndi waya, tibwerere mbali yomwe tinachoka. Ndi timeneto timasiya kampata kakang'ono pakati pa mashafuti awiri mkatimo. Mukataya kamodzi mashafuti amakhulana, mukaonjeza shafuti imagwedera ndipo silu yanu yatsopano sikhalitsa. Ndipo mukaona pamene silu imakhudza shafuti pakumbika kamzere, silu yatsopano idonthanso, pamafunika kasilivu, kamphete kachitsulo kopyapyala kovekapo.

Dilamu itsukeni oilo yense achoke, ipaleni pang'ono ndi sandipepa kuchotsa kunyezimira. Ikakhala yong'aluka itayeni. Timizere tating'ono si vuto, koma ngati marivete, timisomali togwira laining'i, anakumba ngalande zakuya ndiye ikufunika kukasendedwa pa lefu, makina osendera zitsulo aja, kapena kupeza ina.

Pali china chimene anthu amachidumpha, zitsulo zapakati pa pedulo ndi shuzi. Thirakitala yogona panja shafuti ya mapedulo imagwira dzimbiri, ukaponda pedulo imodzi inzake ikutsata, kapena ukaponda sibwerera, buleki nkumakhula tsiku lonse dilamu kutentha osagwirika. Masulani, palani, pakani girisi. Mapini olumikiza zitsulo aja amadyeka, bowo lozungulira limasanduka ngati dzira, nde pedulo imayenda theka la ulendo isanakoke kanthu. Kapini kakang'ono komweko kamabweza buleki imene mumati yafa. Girisi pa kamu ndi pa ajasita mungopaka kadontho, akachuluka akathera pa laining'i tabwereranso pomwe tinayambira.

Kutchuna nkosavuta. Tayala lili m'mwamba, mutsegule kabowo kali pambale ya kuseri, mupeza ajasita ya mano ngati nyenyezi. Wina azizunguza tayala ndi manja, inu muzitembenuza mpaka tayala likane kuyenda. Pondani pedulo kangapo kuti mashuzi akhale pakati, kenako bwezani dzino limodzi limodzi mpaka tayala liyende momasuka, kakukhula kapansipansi pa mashuzi atsopano sikoopsa. Mbali inayo chimodzimodzi. Mapedulo awiri aja azilimba pa mulingo umodzi. Paja polima timaponda buleki ya mbali imodzi kuti tikhote pafupi kumapeto kwa mzere, ndipo aliyense ali ndi mbali yomwe anazolowera, nde mbali imeneyo imatha msanga. Tsiku lomwe mwalumikiza mapedulo ndi kachitsulo kaja nkuponda mwamphamvu pamsewu, tayala limodzi lokha ligwira, thirakitala ikhotera kumodzi, ndipo izi sizichedwa kugubuduka. Pamsewu mapedulo azikhala olumikizidwa nthawi zonse. Pa TE20 ndi zosiyanako, pali pedulo imodzi yaikulu yogwira matayala onse ndi tiwiri tating'ono, kena kumanja kena kumanzere.

Amene muli ndi zazikulupo ndisakusiyeni. Massey Ferguson 165 yoyambirira ili ndi madisiki ouma mkati pafupi ndi difu, magiya apakati pa ekiselo aja, pakati pake pali mbale ziwiri zokhala ndi timipira tachitsulo, ukaponda mbalezo zimapotoka timipira nkuzikankha kuti zitambasuke. Nazonso mdani wake ndi oilo yemweyo, kuonjezapo dzimbiri pa timipira lomwe limachititsa buleki kugwira mwadzidzidzi kapena kukanirira. Kuti mufikeko mumachotsa paipi yonse ya ekiselo, ndi yolemera, pamafunika tcheni chokwezera. Koma Ford 5000 madisiki ake amasambira mu oilo mwadala, anapangidwa choncho. Kumeneko mukathira oilo wolakwika buleki imalira ngati chitseko chakale nkumanjenjemera, funani oilo wolembedwa UTTO kapena amene buku la thirakitala yanu likunena.

Ndi ina iyi ndisanaiwale, mukamaisiya thirakitala miyezi ingapo musaisiye buleki ili yokhoma. Mashuzi amamatirira ku dilamu, tsiku lodzutsa laining'i imasendeka. Tchingani matayala ndi mitengo basi.

Poyesa, pezani bwalo la dothi lopanda anthu, ana atalikire, ngolo muchotse. Lumikizani mapedulo, yendani pang'onopang'ono, pondani kilatchi ndi buleki mwamphamvu, tsikani mukaone mizere pansi. Ikhale iwiri, yoyambira pamodzi, yotalika mofanana. Umodzi ukafupika, mbali imeneyo ionjezeni dzino limodzi muyesenso. Pakatha masabata angapo mashuzi atakhazikika mudzatchunenso.

Shuzi ija yafika kwa ndani? Ibwere kuno. Tiyeni panja, 135 ili apoyo tayala lakumanzere ndi lonyowa kuseri, ndikufuna anthu awiri amphamvu pa tayala ndi mmodzi wa foni yojambula bwino.