Makobidi a mkuwa akadetsedwa ndi kumera zobiriwira: tiwatsuke kapena tiwataye?

[Pathebulo pali ndowa yodzaza ndi makobidi. Dzanja likuvuula ochepa n'kuwayala pansalu yoyera.]

Moni nonse, abale anga. Ndowa mukuionayi muli makobidi a ku America, aja amati peni, a senti imodziimodzi. Ndakhala ndikuwaunjika kwa zaka ndithu, ndiye sabata yatha, nditafika pansi penipeni pa ndowayi, ndinapeza izi.

[Kamera ikuyandikira.]

Taonani. Ili lada bii. Ili lamera zobiriwira ngati ndere za pachitsime. Atatu awa amatirirana, kuwalekanitsa mpaka kugwiritsa ntchito chikhadabo. Mtima unandiwawa, chifukwa khobidi lililonse m'ndowamu ndinachita kulisankha ndi manja anga. Maganizo oyamba anali akuti ndiwakweche mpaka awale, achiwiri akuti ndingowataya. Maganizo onse awiriwa ndi olakwika, ndipo ndikufuna ndikuonetseni chifukwa chake.

Mwina wina akufunsa kuti munthu wamkulu n'kumasunga ndalama yosagula ngakhale switi, phindu lake n'chiyani? Nkhani yagona pa mkuwa. Ndipotu liwu lathu lomweli lakuti khobidi, kapena kobiri monga ankanenera agogo athu, linachokera ku dzina lachizungu la mkuwa. Ku America, peni yopangidwa chisanafike chaka cha 1982 kawirikawiri imalemera magalamu 3.11, ndipo magawo 95 pa 100 alionse ndi mkuwa. Mkati mwa 1982 boma linasintha kapangidwe kake. Kuyambira pamenepo mkati mwake ndi chitsulo chotuwa chotchedwa zinki, mkuwa ndi chikopa chopyapyala chapamwamba chabe, ndipo kulemera kunatsika kufika pa magalamu 2.5. Mkuwa umene uli m'peni yakale unadutsa kale mtengo wa senti imodzi. N'chifukwa chake anthu akhala akukatenga mabokosi a makobidi kubanki, n'kumasankha akale, atsopano n'kubweza.

Koma musathamangire kuwasungunula. Kuyambira mu Disembala 2006, lamulo la ku America limaletsa kusungunula mapeni, ndipo chilango chake chitha kufika madola 10,000, kapena zaka zisanu kundende, kapena zonse ziwiri. Pa 12 Novembala 2025 fakitale ya boma ya ku Philadelphia inadinda mapeni omaliza oyendera pamsika, poti kupanga peni imodzi kunkadya pafupifupi masenti anayi. Kuleka kudindako sikunafafanize lamulo lija. Choncho onse osunga makobidi akungodikira kuti mwina lamulolo lidzasinthe, ndipo kudikirako n'kumene kumapatsa mpata chinyezi kuti chiononge.

Abale athu a ku Britain, nkhaniyi ndi yanunso. Makobidi anu a 1p ndi 2p opangidwa chisanafike 1992 ali ndi mkuwa magawo 97 pa 100, pamene atsopano ndi chitsulo chokutidwa. Kwanuko kusankha n'kosavuta: tengani maginito, limene lakakamira ndi lachitsulo. Ku America maginito sathandiza, chifukwa zinki sakakamira. Kumafunika kuwerenga chaka, ndipo a 1982 enieniwo kuwaika pa kasikelo kakang'ono, poti chaka chimenecho anadinda mitundu yonse iwiri.

[Makobidi agawidwa m'milu itatu.]

Tsopano tibwerere ku litsiro lija. Sikuti chilichonse chooneka choipa pakhobidi ndi matenda ayi.

Mulu woyambawu ndi wa makobidi oderapo, ena ofiirira ngati dothi la katondo, ena akuda ndithu. Awa alibe vuto lililonse. Mkuwa ukakhala pamphepo umachita khungu lotere, ndipo khungulo limateteza za mkati. Mkuwa suli ngati chitsulo, chimene dzimbiri likachigwira limadya mpaka kuboola. Ngati mukusungira kulemera, khobidi lakuda ndi lowala sasiyana pasikelo. Makobidi pafupifupi 320 amakwana kilogalamu imodzi, kaya ndi onyezimira kaya ndi akuda. Ndiye kukhala tsiku lonse mukukwecha ndowa yonseyi, mukudzilemba ganyu yopanda malipiro. Asiyeni momwemo.

Mulu wachiwiriwu ndi wa omata: thukuta la m'manja, zakumwa zotsekemera zimene zinatayikira m'galimoto, ulimbo wa tepi. Limeneli ndi litsiro wamba, lakhala pamwamba. Madzi ofunda ndi kasopo pang'ono zimakwanira. Mukatero tsukuluzani ndi madzi oyera aja othira m'batire ya galimoto, ndikunena madzi osati asidi, chifukwa alibe mchere. Chachikulu n'kuumitsa. Ayaleni pansalu, aume gwa mbali zonse ziwiri, kenako ndiye abwerere m'ndowa. Khobidi lotsukidwa n'kusungidwa lonyowa lili pangozi kuposa limene simunalikhudze n'komwe.

Pa mulu wachitatu ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo.

[Kamera pa khobidi lobiriwira. Kamtengo kotokosera m'mano kakukhudza pobiriwirapo.]

Zobiriwira zilipo za mitundu iwiri. Pali zolimba, zosalala, zogwirana ndi khobidi, zofanana ndi zimene zili pa chifanizo chachikulu chija cha Liberty ku New York. Chifanizocho ndi chamkuwa, chaima pamphepo ya kunyanja kuyambira 1886, ndipo kubiriwira kwakeko n'kumene kukuchiteteza. Zoterezi sizindidetsa nkhawa. Koma taonani ili. Ndikangokhudza ndi kamtengo, zikuyoyoka ngati ufa, mtundu wake ndi wotuwirako, ndipo pansi pake pali kadzenje. Awa ndiye matenda enieni a mkuwa. Amayamba mchere ukalowa m'khobidi. Mchere uja ukakumana ndi chinyezi ndi mpweya umabala asidi, asidiyo amadya mkuwa, podyapo pamatsalanso mchere womwe uja, ndipo ntchito imayambiranso. Sizileka zokha malinga ngati pali chinyezi. Ufa umenewu ukayoyokera pa makobidi oyandikana nawo umawapatsira mchere uja, monga mmene thumba limodzi la anankafumbwe limaonongera nkhokwe.

Apa m'pamene ambiri timalakwitsa, ndipo ine ndinalakwitsapo. Pa intaneti mudzaona anthu akuviika makobidi mu vinega wothira mchere, ena m'madzi a mandimu. Pakangopita mphindi zochepa khobidi limatuluka lowala, mtima n'kukhala m'malo. Ine ndinachita zimenezi ndi makobidi odzaza kapu, ena mwa iwo a m'ma 1940. Ndinangowapukuta n'kuwaika m'botolo. Patapita masabata angapo ndinawapeza atabiriwira kuposa poyamba. Chimene ndinachita n'kuchotsa khungu loteteza lija, kenako n'kupaka mkuwa wosavala ndi mchere, chinthu chenicheni choyambitsa matendawa. Ndinadzimvera chisoni kwambiri, chifukwa makobidi amenewo anakhala zaka zoposa 70 ali bwinobwino asanafike m'manja mwanga.

Ife tinakula tikukwecha mapoto ndi mchenga ndi phulusa mpaka aziwala ngati galasi, ndipo mayi wa mapoto owala ankatamandidwa pamudzi. Dzanja lathu linazolowera zimenezo. Koma khobidi si poto. Mchenga, phulusa, sitiliwulu, mankhwala opukutira zitsulo, zonsezi zimasiya timizere tosaoneka ndi maso, ndipo mtundu wake umasanduka wofiira motuwa, wosakhala wachibadwa. Munthu wodziwa makobidi amazindikira pongoyang'ana kamodzi. Makampani oyesa makobidi, monga PCGS ndi NGC, akaona kuti linatsukidwa amalemba zimenezo pachikuto chake, ndipo mtengo umagwa.

N'chifukwa chake musanaviike kalikonse m'madzi, werengani chaka. Mu ndowa ya osunga mkuwa mumabisala makobidi amene mtengo wake suli pa kulemera. Mapeni okhala ndi ngala ziwiri za tirigu kumbuyo anadindidwa kuyambira 1909 mpaka 1958, ndipo amenewa ine ndimawapatula onse. La 1909 lokhala ndi chilembo S kunsi kwa chaka ndi zilembo VDB kumbuyo anadinda 484,000 okha. Pali ena a 1955 amene zilembo zake zimaoneka ziwiriziwiri chifukwa chidindo chinalakwika. Ku Britain kuli 2p ya 1983 yolembedwa New Pence m'malo mwa Two Pence. Mukapeza lotere, ngakhale litada bwanji, musalikhudze ndi chilichonse. Ligwireni m'mphepete, likulungeni papepala louma, mupite nalo kwa katswiri.

Nanga odwala aja tiwatani? Apatuleni lero lomwe. Ngati ndi khobidi wamba, musataye nalo nthawi. Koma kulitaya kudzala ayi. Likadali ndalama, ndipo ngati chaka ndi nkhope zikuoneka, kaligwiritseni ntchito kusitolo kapena mukalisiye kubanki pamodzi ndi a zinki aja. Limene ladyeka mpaka losazindikirika, liikeni m'botolo lakelake, kutali ndi anzake. Mkuwa wake ukadalimo. Ngati ndi khobidi limene mumalikonda, mwina anakupatsani ndi malemu bambo anu, chotsani ufawo pang'onopang'ono ndi kamtengo, liviikeni m'madzi oyera aja kwa masiku angapo mukusintha madziwo, kenako liumitseni kwambiri. Mchere wina umatuluka. Madzenje amene anakumbika kale sadzatsekeka, koma kudyekako kumachepa.

Pali chinanso chimene chimanamiza anthu. Khobidi limene latupa matuza, kapena laboola n'kumatulutsa zoyera ngati phulusa, kawirikawiri si lamkuwa. Ndi la zinki lija la pambuyo pa 1982. Chikopa chake chikangong'ambika, zinki wa mkati amaola msanga kwambiri, makamaka pachinyezi. Amenewa alibe malo m'ndowa yanu, abwezeni.

[Dzanja likuonetsa kathumba kapulasitiki kofewa, mkati muli khobidi lonanda.]

Ichi ndi china. Timatumba tina tapulasitiki tofewa, ta mtundu wa PVC, timatulutsa mafuta pakapita zaka, ndipo mafutawo amasiya zobiriwira zonanda pakhobidi. Zobiriwira zimenezi zimachoka ndi mankhwala osungunulira utoto otchedwa asetoni, koma akhale asetoni weniweni, osati wochotsera utoto wa m'zikhadabo uja, poti amamuthira zonunkhiritsa ndi mafuta. Asetoni amayaka msanga, choncho chitirani panja, kutali ndi mbaula ndi fodya. Kathumbako katayeni.

Kwathu ku Malawi ambiri tili ndi kachitini ka agogo kokhala ndi 1 tambala ndi 2 tambala zofiira zija, za nkhope ya Kamuzu, zimene zinayamba kuyenda mu 1971 pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi. Palibe amene adzalemere nazo. Koma ana athu sanazigwirepo, ndipo tambala weniweni wojambulidwa pa 1 tambala uja ambiri sanamuonepo. Mukazipeza, musazikweche ndi phulusa. Zichotseni m'chitini cha dzimbiri, makamaka nyengo ya dzinja isanafike.

Ndowa yangayi vuto lake linali loti ndinaikhazika pasimenti m'chipinda chapansi, m'mene mumazizira ndi chinyezi, ndipo chivindikiro sichinkatseka bwino. Tsopano ndikusamutsira makobidi abwino m'zidebe zing'onozing'ono zotseka ndithu, chilichonse ndikuponyamo timapaketi tija toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo ndaziika pathabwa, osati pansi. Zidebe zing'onozing'ono n'zabwino chifukwa matenda akayamba m'chimodzi sakafika kwina, komanso msana umapumula, poti ndowa yodzaza mkuwa siinyamulika.

[Makobidi obiriwira akugwera m'botolo lagalasi. Dzanja likutseka, likulemba tsiku pachivindikiro.]

Odwala onse ndawawerenga, akwana 41. Botolo lawo ndi ili, ndalembapo tsiku la lero, ndipo ndidzalitsegulanso pakatha miyezi itatu kuti tidzaone limodzi ngati ufa uja waonjezekera.