Chilimwe cha ku Dublin ndi ukwati umene ndinauonera pa foni

Moni abale anga, kulikonse kumene mukundimvera. Amene muli pa shifiti ya usiku, amene muli mu Luas, sitima ya m'misewu ya kuno ku Dublin, mukubwerera kunyumba mapazi akuwawa, takulandirani. Lero sindinakonze kalikonse. Mtima wadzaza basi, ndipo ndikapanda kulankhula sindigona.

Loweruka lapitali mnzanga amene ndinakula naye wamanga banja. Ine ukwatiwo ndauonera pa foni, nditaima kuseri kwa khitchini kuntchito, epuloni ili m'chiuno. Mlongo wake ndi amene anandiimbira pa WhatsApp, chithunzi chikudukaduka, phokoso lokhalokha. Ndinangomuona akulowa atavala suti, mayendedwe ake enieni a malemu bambo ake. Misozi inalengeza. Ndisanaone n'komwe mkwatibwi, bwana anakuwa dzina langa kuti mbale zaunjikana.

Bwana ameneyu ndinamupempha tsikuli kalekale, ndipo anavomera ndi pakamwa pake. Rota, ndandanda wa mashifiti, itatuluka, dzina langa lilipo, kuyambira masana mpaka kutseka. Ndikumufunsa, akuti ndi chilimwe, alendo achuluka, palibe wina. Ndiye taonani, yemweyo holide ya Lolemba loyamba la Ogasiti ndinagwira tsiku lathunthu, koma pa payslip palibe chimene anawonjezera. Iye amaganiza kuti munthu wakuda wa Stamp 2, chilolezo cha ife ophunzira ochokera kunja, sadziwa malamulo. Timawadziwa achimwene! Ngati unagwira maola 40 m'masabata asanu holide isanafike, uli ndi gawo lako, kaya ndiwe wa maola ochepa. Timangokhala chete chifukwa lendi ikudikira.

Amene muli kwathu simungamvetse kuti chilimwe kuno ku Ireland n'chiyani. Chakumapeto kwa Juni dzuwa limatuluka 5 koloko isanakwane, n'kukalowa cha m'ma 10 usiku. Maola pafupifupi 17 kukuwala! Chaka changa choyamba ndinkagona kunja kukuyera, ndikadzidzimuka kwayera kale, thupi osadziwa kuti lili pati. Anthu akuno miyezi imeneyi amasangalala zenizeni, chifukwa akudziwa mdima umene ukubwera, wa Disembala, pamene 4 koloko ikangopitirira magetsi ayaka mumsewu. Pitani ku Phoenix Park Lamlungu mukaone: mabanja ayala nsalu pa udzu, ana akuthamanga, agwape akudya chapatali osaopa munthu. Mu Julayi 2022 pa paki yomweyo kunatentha kufika madigiri 33, tauni yonse inangoti kakasi, amuna kuvula malaya, nkhope zitafiira. Ife tinagwira ntchito bwinobwino tsiku limenelo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva thupi langa likumasuka.

Koma kuwala konseku ife timakuonera pawindo. Kuyambira Juni mpaka Seputembala ndi pamene lamulo limatilola maola 40 pa sabata m'malo mwa 20, ndiye ndani angakane shifiti? Fizi ya chaka chamawa imachokera m'miyezi imeneyi. Walira mvula walira matope, tinafuna tokha kubwera, sindikudandaula. Ndikungonena kuti pamene ena akupita kunyanja, ife tikupukuta matebulo awo.

Tsiku lina ndikuweruka cha m'ma 9 madzulo ndinapeza ana akusewera mpira pabwalo la pafupi ndi kwathu kuno, kukuwala ngati masana. Ndinaima kuwaonerera. Ife tili ana mdani wathu anali mdima. Ikangokwana 6 koloko dzuwa lapita, kaya ndi mwezi wanji, ndipo tinkapitirizabe mpaka mpira osaonekanso, kumangoumva pamwendo. Mnzanga wakwatirayu ndi amene ankakhala pagolo. Sankafuna kuvomera chigoli ngakhale chimodzi, ankati chadutsa pamwamba, pomwe golo yake inali miyala iwiri yopanda chapamwamba chilichonse. Amayi ake akaitana kachiwiri ankanamizira kusamva. Akaitana ndi dzina lake lonse, basi masewera atha, tonse kubalalika. Ndi iyeyo amene anandiphunzitsa kusambira, anandigwira pamimba mpaka ndinasiya kumwa madzi. Akanatipatsa dzuwa la ku Dublin nthawi imeneyo, sukulu tikanaiiwala.

Za kusambira, ndinayesako ku Forty Foot, malo osambira m'nyanja, kuja ku Sandycove. Abale, madzi aja! Agogo a imvi akudumphira mosekerera, ena amatero ndi pa Khirisimasi pomwe. Ndinalowa ndithu, ndinasambira, kuti asamati ife sititha.

Chaka chino anzanga zinthu zawayendera motsatizana. Wina wabereka mwana wamkazi. Wina amene tinkakhala benchi imodzi wamaliza maphunziro a unamwino, anatumiza chithunzi atavala gauni, amayi ake atamukumbatira. Kunonso achemwali athu ena, amene anatilandira ambirife titangofika, anapita ku Killarney kukalumbira, tsopano ndi nzika. Pa zaka zisanu zimene amawerenga kuti munthu akhale nzika, za Stamp 2 siziwerengedwa, ndiye mudziwe kuti mayi ameneyu wapirira nthawi yaitali bwanji. Nditamva ndinavina ndekha m'chipinda.

Apa ndiye ndikufuna tilankhulane, makamaka inu anyamata. Ambirife tikaona anzathu akukwatira, akumanga, akubereka, timayamba kudziwerengera zaka, kenako timangoti zii. Foni ikalira kuchokera kwathu sitiyankha, poopa kuti apempha ndalama zimene tilibe, kapena afunsa kuti ukubwera liti. Manyazi amenewa akutidyera anzathu. Munthu amene unakula naye sakufuna envelopu yokha, akufuna amve mawu ako pa tsiku lake. Ngati ulibe, nena kuti ndilibe, koma imba. Nthawi ya chilimwe timangosiyana ola limodzi ndi kwathu, palibe chonamizira. Ndipo chimwemwe cha mnzako sichikuchotsera kanthu. Iye wakwatira, iwe ukulipira sukulu ndi manja ako m'dziko la eni, aliyense ali pa ulendo wake. Musalole kuti nsanje ilowe pamene panali chikondi cha ubwana. Ndaona anthu kuno atakhala zaka osalankhula ndi aliyense, maliro akagwa ndi pamene akufunafuna manambala.

Ine nditaweruka usiku uja ndinamuimbira. Anayankha ali pakati pa anthu, mawu atasasa. Sanafunse za mphatso. Anangoti, "Iwe, unandiona?" Ndinati ndinakuona, ndipo chigoli chija chinalowa. Anaseka mpaka mkazi wake analanda foni kuti andipatse moni, akundiitana kuti alamu.

Tsopano za bwana uja sindizisiya. Mapayslip onse ndasunga, rota ndimaijambula sabata iliyonse isanafufutidwe, ndipo inunso muzitero. Lolemba ndikalankhula naye mwaulemu, pepala lili m'manja. Akakana, ku WRC, bungwe la boma loona milandu ya pantchito, amalandira dandaulo pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndikafikako. Lamlungu likubwerali ndili ofu, tikukwera sitima ya DART kupita kunyanja ku Bray ndi anyamata, amene muli pafupi tipezane pa siteshoni ya Connolly m'mawa. Wina abweretse mpira.